Chogula Chimavulidwa, Chovekedwa Ayi

Mwezi wa Juni ku Fonte Boa munthu sachita kuuzidwa kuti afunde kumutu. Mphepo ya m'mapiri a Angónia imaluma makutu, nkhungu imagona m'madimba a mbatatesi mpaka dzuwa litakwera, ndipo abambo opita ku Misa ya Lamlungu amafika pamishoni aliyense atabisa mutu m'chimene ali nacho. Wina kapusi ya timu ya mpira, wina chisoti cha ulusi chomulukira mkazi wake, wina chipewa cha mlaza chakumunda chomwe wangochisasa fumbi. Pakati pawo pamapezeka nkhalamba imodzi kapena ziwiri za chipewa cha wilisoni chimene chinaona mzinda wa Salisbury asanautche Harare. Akafika pakhomo la tchalitchi, manja onse amakwera kumutu nthawi imodzi. Palibe belu lolamula zimenezi, ngakhale akatekisiti sanenapo kanthu. Amayi amangodutsa ndi maduku awo, osawakhudza n'komwe.

Abambo omwewa mukawapeze tsiku la ngoma. Mthini uli pamphumi, nyoni ikugwedera pamutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja, akupondaponda pamaso pa Inkosi uku akufuula Bayete. Palibe ndi mmodzi yemwe woganiza zovula. Atati avule, anzake angamufunse ngati wadwala. Mutu ndi womwewo, ulemu ndi womwewo, koma kwina ulemuwo ukuti vula, kwina ukuti usayerekeze. Ana akatifunsa kuti nanga lamulo lake ndi liti, ambiri timangoti ndi mwambo, n'kuwatuma kukatunga madzi kuti funso lithe.

Lamulo lilipo, ndipo labisala m'mawu amene timalankhula tsiku ndi tsiku. Pali chimene munthu amavala, palinso chimene amavekedwa. Chipewa chogula ndi ndalama zako unadzikweza nacho wekha, n'chifukwa chake ukakumana ndi wokuposa umayenera kutsikako, ndiye kuvulako. Chovekedwa si chako. Anakuika pamutu ndi anthu, kaya mfumu, kaya mpingo, ndipo kuchivula pamaso pa okuvekawo kuli ngati kuwabwezera mphatso yawo. Mfumu sitinena kuti yavala ufumu, timati yavekedwa.

Mayina enieniwo akusonyeza njira zimene zinthuzi zinadzera. Liwu loti chipewa tinatola kwa Apwitikizi, amene amati chapéu, ndipo linakwera ndi Zambezi pamodzi ndi nsapato ndi kalata. Duku la amayi linadzera kumwera, kwa Mabunu amene amati doek. Chilemba chinabwera ndi amalonda a kugombe olankhula Chiswahili, ndipo kachisoti ka Asilamu tonse timakadziwa kuti mzuli. Nduwira ndi ya mfumu, sipezeka pamsika. Mthini ndi nyoni ndi mawu a Chingoni, ena mwa ochepa amene anatsalira pakamwa pathu chilankhulocho chitamezedwa ndi Chichewa cha amayi amene makolo athu anawapeza kuno n'kuwakwatira.

Chovekedwa chenicheni, chimene ife a lero timangochiona pazithunzi, chinali chosatheka kuchivula ngakhale utafuna. Kumwera kumene Angoni anachokera, pakati pa Azulu ndi Aswazi, mwamuna wokhwima ankasokedwa mkombero pamutu. Kumeneko ankati isicoco, Angoni a ku Mzimba ankati chidlodlo. Mmisiri ankapota luzi kapena mtsempha, n'kusokerera m'tsitsi lenileni la munthuyo, n'kumatapo utomoni wakuda, kenako n'kupukuta ndi mafuta mpaka mkomberowo uziwala ngati nyanga ya njati. Tsitsi lozungulira ankalimeta. Likamakula lapansi pake mkombero unkakwera, ndiye mmisiri uja ankabweranso kudzakonza. Munthu ankagona nawo, ankasamba nawo, ankaweruza nawo milandu. Chilolezo chinkachokera kwa mfumu, imene inkalengeza kuti gulu lakutilakuti la ankhondo latumikira mokwanira, lisoke mikombero, likakwatire. Ng'ombe zikanachuluka bwanji m'khola la bambo ako, sukanaugula.

Mwana aliyense wa sukulu ku Mozambique anaonapo chithunzi cha Ngungunyane, mfumu ya ku Gaza, amene anagwidwa ku Chaimite ndi Mouzinho de Albuquerque mu Disembala 1895 n'kukafera kuzilumba za Açores mu 1906. Chiyang'aneninso bwino chithunzicho. Chakuda chili pamutu pakecho si chipewa, ndi mkombero womwewu. Apwitikizi ankautcha korona wa phula. Anamulanda dziko, ng'ombe ndi ankhondo, anamuyendetsa m'misewu ya Lisboa kuti anthu amuone, koma pazithunzi zimenezo mkombero uli pomwepo.

Kwathu kuno ufumu wa Angoni Amaseko unadulidwa pakati ndi malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891. Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, ndipo kuchokera pamenepo banja limodzi linakhala ndi nyumba ziwiri, a Gomani kutsidya la Ntcheu, a Zintambira kuno ku Angónia. Magulu a ankhondo atatha, panalibenso wolengeza kuti awa akwatire, awa ayembekeze. Mikombero inapita kumanda ndi eni ake. Chimene chinatsala n'chimene chinkatha kusungidwa m'nyumba n'kutulutsidwa tsiku la gule.

Mthini dzina lake likuchokera ku umthini, amene m'Chizulu ndi katumbu, kanyama ka m'madzi kaja ka ubweya wosalala. M'magulu a ankhondo a Azulu, lamba wa pamutu wa chikopa cha katumbu unali wa amuna okwatira, ndiye kuti poyamba liwuli linkanena za nyama ndiponso za msinkhu wa wovalayo. Lero timatcha mthini lamba aliyense waubweya, kaya ndi wa mbuzi, wa thole, wa gwape kapena wa njuzi. Kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Chikopa amachipala mnofu wonse, amachithira mchere kapena phulusa, amachiyanika pamthunzi, chifukwa padzuwa la Okutobala chimauma gwa n'kuthyoka. Chikauma amachifufuta ndi manja, kupaka mafuta pang'onopang'ono mpaka chifewe ngati nsalu. Ndiye amadula mzere, amausoka ubweya uli kunja, amaika zofewa m'kati kuti utukumuke, n'kusiya zingwe zomangira kunkhongo. Mthini wofufutidwa mwaulesi umadziwika mvula yoyamba: umanunkha, ndipo ubweya umayoyokera pamapewa a mwini wake.

Nyoni, m'Chingoni mbalame, ndi chisoti cha nthenga. Zambiri zimakhala za atambala, zomangidwa m'timitolo pa kachisoti koluka kokhala ndi chingwe chodzera kuchibwano, kuti wovina akadumpha nthenga zigwedezeke koma chisoti chisagwe. Nthenga nazo zinali ndi eni ake. Ku Eswatini mpaka lero nthenga zofiira za nkulukulu ndi za a m'banja lachifumu, ndipo munthu wamba sazisomeka m'tsitsi mwake. Wofuna kuona zovala za Angoni zosonkhanitsidwa malo amodzi awoloke malire apite ku Mua, m'boma la Dedza, kumene kuli nyumba yosungiramo zakale ya Chamare pa Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Azungu atafika anabwera ndi zovekedwa zawo. Akuluakulu a kuno akamakamba za nthawi ya Apwitikizi sayamba ndi dzina la mzungu wa ku Vila Coutinho, imene lero ndi Ulongwe. Amayamba ndi chisoti chofiira cha apolisi awo otchedwa masupayi, cofió m'Chipwitikizi, chopanda mlomo, chonga kamphika kovundikira. Chikangotulukira kumapeto kwa mudzi amuna ankadziwa kuti kwabwera za msonkho, za chibalo kapena za mbalamatodya, ndipo amene anali ndi miyendo ankalowera kuphiri. Mafumu amene boma linkawatcha régulo nawo anapatsidwa yunifolomu ya kaki ndi chisoti chake. Apa ndiye mwambo unasokonekera. Chinthucho chinalidi chovekedwa, koma wovekayo sanali mwini mudzi. Mfumu inkakhala ndi mitu iwiri, wina wa anthu ake, wina wa boma, ndipo chisoti cha kaki chinkaonetsa kuti lero yadzuka ndi mutu uti.

Pa chogula napo panali nkhondo. Ku Ulaya amuna awiri akakumana onse ankakweza zipewa, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Mwambowo utawoloka nyanja unafika ndi mwendo umodzi: wakuda avule, mzungu angodutsa. Munthu wovala chipewa akakumana ndi mzungu panjira n'kuchedwa kuvula, chipewacho chinkatha kugwetsedwa ndi ndodo. Ku Nyasaland, kutachitika kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinayambitsa, ndipo nkhani ya zipewa inatuluka mobwerezabwereza pakati pa madandaulo a anthu akuda ophunzira, pambali pa thangata ndi msonkho. Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre anauza bungwelo kuti ngati wakuda akuvula chipewa, mzungu naye ayenera kubwezera moniwo. Pali chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu. Mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaumba chithunzi chimenechi kukhala chipilala chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022. Chilembwe anamukuza kuposa mnzakeyo, ndipo chipewa sanamuvule.

Ndikamva achinyamata akunena kuti kuvula chipewa ndi ukapolo wa atsamunda, sindiwaseka, chifukwa mbali ina akunena zoona. Pamene akuphonya m'pakuti makolo athu sanakane kuvula. Anakana kuvulira munthu wosabwezera.

Chipewa cha ulemu chinalowa m'midzi ya kuno pamitu ya anthu obwera kuulendo. Amuna a chigawo cha Tete ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, ena ankawoloka malire n'kukalembetsa ngati anthu a ku Nyasaland kuti akwere Wenela wa ku Joni, ena ankangoyenda okha pa selefu. Wobwerako ankayenera kuonetsa kuti sanapite pachabe: njinga, bulangete, sutukesi yachitsulo, jekete, ndipo pamwamba pa zonsezi chipewa. Ku Joni anthu otchena ankatchula mayina a Stetson, Dobbs ndi Borsalino, koma dzina limene linakakamira pakamwa pathu ndi Wilson, mpaka chipewa chilichonse cha ubweya chokhala ndi mlomo ndi riboni chinasanduka wilisoni. Mtchona wofika wopanda wilisoni anthu ankamuyang'ana kawiri.

Amene anachikhazika pampando chipewachi ndi Kamuzu Banda. Kuyambira pamene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, anthu anamuzolowera ndi suti ya zidutswa zitatu, magalasi akuda, litchowa kumanja ndi chipewa chakuda. Chakecho kwenikweni chinali cha mtundu wa Homburg, cha mphako imodzi pamwamba ndi mlomo wopindikira m'mwamba, chimene chinatchuka chifukwa cha Edward VII wa ku Britain, amene anachitengera ku tauni ya Bad Homburg ku Germany. Kwa ife chinali wilisoni basi. Tsidya lino, ufulu utabwera mu 1975, anyamata ankasirira kapusi ya usilikali ya Samora Machel, ndipo wilisoni inayamba kuoneka ya madala. Malire ndi msewu chabe, choncho mudzi umodzi unkatha kukhala ndi mafashoni a maboma awiri.

Ambiri amaganiza kuti wilisoni ndi nsalu yosokedwa. Mulibemo ulusi ngakhale umodzi. Ndi ubweya wokhawokha, wa kalulu pa zipewa zabwino, wa nkhosa pa zotsika mtengo, ndipo pa zodula kwambiri amasakanizako wa kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver. Ubweya uliwonse uli ndi timamba tosaoneka ndi maso. Ukaunyowetsa ndi madzi otentha n'kumaufinya, timambato timakolana, osalekananso. Kufakitale amauzira ubweyawo pa chitsulo chobowolabowola chosongoka ngati denga la nkhokwe, amathira madzi otentha, amaukulunga ndi kuupsinja mobwerezabwereza mpaka chinthu chachikulu chija chitafota n'kulimba. Kenako amachinyika mu utoto, amachilimbitsa ndi utomoni, amachiveka pa chipika cha mtengo chosemedwa ngati mutu uku akuchifukiza nthunzi, n'kuchikwecha kuti chisalale. Kale pokonza ubweyawo ankagwiritsa ntchito mekyule, mankhwala amene ankanjenjemeretsa manja a antchito ndi kuwasokoneza mutu. Ku Portugal ntchitoyi likulu lake ndi tauni ya São João da Madeira, kumene fakitale ina yakale anaisandutsa nyumba yoonetseramo mbiri ya zipewa mu 2005.

Wodziwa kapangidweka sangadabwe ndi kasamalidwe kake. Chinapangidwa ndi madzi, kutentha ndi kufinya, ndiye zitatu zomwezi n'zimene zimachiwononga.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Agogo anga aamuna anagwira ntchito zaka zambiri ku Rhodesia, ndipo anabwerako ndi chipewa chotuwa cha riboni yakuda. Chinkakhala m'sutukesi yachitsulo, chogonekedwa chagada, mlomo uli m'mwamba, atachikulunga m'nyuzipepala, pambali pake pali tsamba louma la fodya loingitsira njenjete. Loweruka madzulo ankachitulutsa, n'kukhala pakhonde ndi kaburashi kofewa, kumachisesa mbali imodzi yokhayokha, motsata mmene ubweya unagonera. Pochinyamula ankagwira mlomo, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi manja awiri. Mlendo akachitsina pamwamba ndi zala zitatu, monga amachitira anthu a m'mafilimu, agogo ankatsokomola. Pamenepo m'pamene chipewa chimayambira kung'ambika. Mlomo ukapindika ankawiritsa madzi m'ketulo, n'kuuyandikiza pa nthunzi pang'ono, n'kuuwongola ndi chikhatho patebulo. Akabwera kutchalitchi ankatembenuzira kunja kachikopa ka m'kati kuti thukuta liume lisanalowe mu ubweya.

Nkhondo yapachiweniweni itafika m'midzi yathu m'ma 1980 tinathawira ku Ntcheu ngati anzathu ambirimbiri. Sutukesi inatsala. Chipewa chinawoloka malire chili mumphika waukulu wophikira thobwa, pamutu pa agogo aakazi, amene njira yonse ankadandaula kuti anthu anzawo asenza ufa, iwo asenza ulemu wa mwamuna. Chinabwerera kwathu mtendere wa 1992 utasainidwa ku Roma, chilibe banga. Amene anachipha ndine. Tsiku lina agogo ananyowa nacho pochokera kumaliro, ndipo ine, pofuna kuyamikiridwa, ndinachikoleka pamwamba pa mafuwa kuti chiume msanga. M'mawa chinali chitafota, kachikopa ka m'kati katakwinyika ngati chiwamba. Agogo anachiyesa, chinangokhala pamwamba pa mutu ngati nsengwa. Sanandimenye. Anangoti, "Iwe, moto ndi wa nsima," n'kulowa m'nyumba. Chipewa chonyowa amachikutumula madzi, amachibwezera maonekedwe ake ndi manja, n'kuchisiya pamthunzi podutsa mphepo, ngakhale zitenge masiku awiri.

Kuno kumapiri mdani wina ndi chinyezi cha dzinja. Chipewa chotsekeredwa m'pulasitiki kuyambira Disembala mpaka Malichi chimatuluka chitachita chuku. Pepala kapena nsalu ya thonje ndiye zabwino, chifukwa zimapuma. Kukoleka pamsomali miyezi yambiri kumachitulutsa nyanga. Utsi wa m'khitchini umachidetsa ndi mwaye wosachoka, pamene utsi womwewo ndi bwenzi la nyoni ndi mthini: akale ankazipachika kudenga la nyumba yosonkhamo moto kuti tizilombo todya nthenga ndi ubweya tisayandikire, bola makoswe asafikeko. Chipewa cha mlaza, choluka ndi masamba a migwalangwa ya kuchigwa kotentha, chimafuna zosiyana. Chikauma kwambiri chimathetheka, ndiye kuchiwaza timadzi nthawi zina kumachitalikitsa moyo. N'chimodzimodzi ndi chipewa choyera chotchedwa Panama, chimene dzina lake limanamiza anthu, pakuti chimalukidwa ku Ecuador.

Wogula wilisoni pa kaunjika, kaya ku Ulongwe kaya ku Lizulu, ayeze mutu wake ndi chingwe chodutsa pamphumi ndi pamwamba pa makutu. Amuna ambiri amapeza masentimita a pakati pa 55 ndi 60, ndipo nambala imeneyi ndi imene imalembedwa m'kati mwa zipewa za ku Ulaya. Chokula pang'ono chili ndi mankhwala, mumangopinda pepala n'kulilowetsa kuseri kwa kachikopa. Chothina chisiyeni, chidzakupatsani litsipa pa ukwati wa mwana wanu. Muchiunikenso padzuwa: timabowo ting'onoting'ono ndi umboni woti njenjete zinadyapo kale, mwinanso mazira ake akadali momwemo.

Za nthawi yovula, mndandanda wake suli wautali, ndipo mwana woleredwa pamudzi amaudziwa asanadziwe kuwerenga. M'tchalitchi mwamuna amavula. Mwambowu umachokera pa kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto, mutu 11, ndipo mu Mpingo wa Katolika unalembedwa m'buku la malamulo la 1917, limene linkati amuna akhale osavala kumutu, akazi afunde. Buku la 1983 silinabwerezenso lamuloli, koma pa Fonte Boa, mishoni imene Ajezuwiti anatsegula mu 1945, palibe anapita kukauza manja a abambo kuti lamulo linatha. Pamaliro amavula polowa pabwalo la siwa, amavula bokosi likamadutsa, amavula kumanda mpaka mwambo utatha, kaya dzuwa likuswa mtengo. Wokwera njinga akakumana ndi maliro amatsika n'kugwira chipewa m'manja. Pabwalo la milandu, wolankhula pamaso pa mfumu kapena nyakwawa amayamba wavula, n'kunjuta, chipewa chili pabondo, kuti manja apeze mpata woomba. Kwa apongozi n'chimodzimodzi, ndiponso amavulira patali, asanafike pakhomo. Pa nsima savala. Nyimbo ya fuko ikamaimbidwa savala.

Zovuta zimabwera ndi zipewa zatsopano. Chisoti cha ulusi cha mwezi wa Juni, kodi n'chipewa kapena ndi bulangete la kumutu? Ine ndimati nkhalamba ya zaka 80 imene yakhala panja usiku wonse pamaliro isavutitsidwe, chisanu cha kuno sichidziwa mwambo. Koma mnyamata wa kabaza amene walowa m'nyumba ya eni ake ndi kapusi yotembenuzira kumbuyo, n'kupereka moni ali chiimire, asanamizire kuzizira. Msilamu ndi mzuli wake savula, pakuti kwa iye kufunda kumutu ndiko ulemu pamaso pa Mulungu, ndipo aliyense kuno amamvetsa zimenezo. Wapolisi ndi msilikali ali pantchito savula, amachita sailuti, chifukwa chisoti chawo anavekedwa ndi boma. Ngakhale chovekedwacho chili ndi malire ake. Muwaone Ambuye Episkopi pa Misa: chisoti chawo chachitali amachivula akamapemphera, ndipo pofika pa pemphero lalikulu la Ukaristia amachotsa ngakhale kofiirira kakang'ono kaja. Pamaso pa mwini ulemu wonse, nawonso amatsala ndi mutu wokha.

Mafumu a tsidya lino ali ndi funso lawolawo. Boma la Frelimo litatenga dziko mu 1975 linawakankhira pambali ponena kuti anali zida za atsamunda. Patapita zaka 25, lamulo la Decreto 15/2000 linawazindikiranso, ndipo anayamba kulandira yunifolomu, zizindikiro ndi chisoti. Ena anasangalala kuti ulemu wabwerera. Ena mwa okalamba anayang'ana chisoticho n'kukumbukira kaki wakale uja. Kuona kwanga n'kwakuti yunifolomu ili ndi malo ake, pa tsiku la mbendera ndi pobwera alendo a boma. Koma pa mlandu wa munda, pa maliro a mwana wa m'mudzi, pa kulonga ufumu, anthu amafuna kuona pamutu pa mfumu chimene anaikapo iwo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zake zimachokera kwa amene anakuveka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mthini. Miyambo ya Angoni yadzukanso. Chaka ndi chaka Amaseko amasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, ndipo a kuno amawoloka kukakhala nawo pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V. A Mpezeni ali ndi Nc'wala ku Mtenguleni, a M'mbelwa ali ndi Umthetho ku Hora. N'zokondweretsa, ndipo mwana amene ankachita manyazi ndi zikopa za agogo ake lero akujambulitsa nazo n'kuika pa Facebook. Koma mthini tsopano uli pamsika, pambali pa tomato. Wandale amaugula m'mawa, amauvala pamwamba pa suti, madzulo uli pampando wakumbuyo wa galimoto. Chovekedwa chasanduka chogula, koma chikufunabe ulemu wa chovekedwa, woti chisavulidwe pamaso pa aliyense.

Sindikuti mthini ubisidwe. Wa mbuzi kapena wa thole avale aliyense wobwera kudzavina ndi kudzakondwera nafe, ngakhale mlendo. Vuto lili pa zikopa za mawanga. Chikopa cha nyalugwe n'cha Inkosi, ndipo pamene aliyense wa ndalama akuchifuna, mitu yachuluka kuposa anyalugwe a m'mapiri onse a Tete. Nyamayi ili pa mndandanda woyamba wa pangano la CITES kuyambira 1975, ndipo malamulo a Mozambique ndi a Malawi omwe amalanga wopezeka ndi chikopa chake popanda chilolezo. Ena anapeza kale njira. Bungwe la Panthera linayamba mu 2013 kupanga zikopa za nsalu zofanana ndi zenizeni pogwirizana ndi mpingo wa Shembe ku South Africa, ndipo mu 2019 linachita chimodzimodzi ndi ufumu wa Alozi ku Zambia. Wovina ali pakati pa bwalo, fumbi lili kobo, palibe angasiyanitse. Mawu otsiriza pankhaniyi ndi a mafumu ndi nduna zawo: anene poyera kuti chikopa chakuti n'cha yani, nthenga zakuti n'za yani, monga zinalili pamene mfumu inkalengeza za mikombero. Akakhala chete, adzaweruza ndi wogulitsa pamsika.

Chipewa cha agogo chija chikadalipo. Chili m'kabati kwa malume, chogonekedwa chagada, ndi tsamba la fodya limene amasintha chaka chilichonse. M'kati mwake mukuonekabe nambala 58, koma chinafota mpaka palibe mwamuna wa pabanja pathu amene chimamukwana. Pa maliro a agogo chinayenda kutsogolo kwa bokosi, m'manja mwa mdzukulu wamng'ono.